Lipoti la nkhani: lymphoma ya m'chifuwa ndi kachilombo ka FeLV m'nyumba ya amphaka anayi

Lipotili likufotokoza za mphaka wamphongo wofulidwa, wa miyezi pafupifupi 18, amene anabwera naye kuchipatala cha ziweto akubanika, ndipo titamuyeza tinapeza kuti ali ndi lymphoma m'chifuwa, yomwe ndi khansa ya maselo oyera oteteza thupi, magazi ochepa kwambiri, komanso kachilombo ka FeLV, kamene kamayambitsa khansa ya m'magazi ndi matenda ena ambiri mwa amphaka. Matenda a mphakayu si achilendo kwa munthu amene wagwirako ntchito ya ziweto. Chimene chandichititsa kulemba ndi amphaka ena atatu a m'nyumba yomweyo, amene anakhala ndi wodwalayu kupitirira chaka, akudyera mbale imodzi ndi kugona pamodzi, koma titawayeza aliyense anatuluka ndi zotsatira zakezake.

Mbiri ya wodwala

Mayi amene amasunga amphakawa anatiuza kuti wodwalayu anamutola panja ali kamwana, pamodzi ndi mlongo wake wobadwa naye tsiku limodzi, ndipo make wa tianato sanamuonepo. M'nyumbamo munali kale amphaka awiri, wina wamkazi wa zaka 9 amene satuluka panja, wina wamphongo wa zaka 3 amene amayendayenda usiku. Tiana tiwiri tija tinalandira katemera wa chimfine cha amphaka ndi wa chiwewe, koma sitinayezedwe FeLV tisanasakanizidwe ndi akuluakuluwo, ndipo panalibe mphaka ndi mmodzi yemwe m'nyumbamo amene anabayidwapo katemera wa FeLV.

Kwa milungu itatu mphakayu ankadya monyinyirika, ankagona nthawi yaitali, ndipo kangapo konse anabweza chakudya chosagayika atangomeza kumene. Mayiwo ankaganiza kuti wameza ubweya wambiri podzinyambita. Anathamanga naye kuchipatala atamupeza m'mawa atakhala chonjuta, khosi atalitambasula, zigongono atazitalikitsa ndi chifuwa, akupuma kukamwa kuli yasa. Mphaka sapumira m'kamwa mwachisawawa ngati galu, choncho chizindikiro chimenechi chokha chinali chokwanira kuti timuike pa mpweya wa okosijeni tisanamugwiregwire.

Zimene tinapeza pomuyeza

Ankalemera makilogalamu 3.1, pamene khadi lake la katemera linkaonetsa 3.8 miyezi isanu m'mbuyomo. Ankapuma ka 64 pa mphindi, pomwe mphaka wabwinobwino amene wagona phee sapitirira ka 30. Kutentha kwa thupi kunali madigiri 39.6. Nkhama zinali zoyererako, pafupifupi mbuu. Mtima unkamveka chapansipansi ndiponso chakumbuyo kusiyana ndi malo ake, ndipo m'munsi mwa chifuwa mbali zonse ziwiri simunkamveka mpweya ukulowa.

Pali kuyeza kumodzi kwa manja kumene ndimakudalira kwambiri pa mphaka wamng'ono wobanika. Ukagwira chifuwa cha mphaka wathanzi chakutsogolo, pakati pa chala chachikulu ndi zala zinazo, n'kufinya pang'ono, nthiti zimalowa n'kubwerera. Pa mphakayu nthiti zakutsogolo sizinasunthe n'komwe, ngati kuti mkatimo mwaikidwa mwala. Zikatero pa mphaka wosakwana zaka zitatu, chotupa cha m'dera la thymus, kachiwalo ka chitetezo cha thupi kamene kali kutsogolo kwa mtima, chimakhala choyamba kuchiganizira, ndipo kubweza chakudya kuja kumamveka bwino, chifukwa chotupa chikakula pamenepo chimapanikiza njira ya chakudya.

Sitinathamangire kujambula X-ray, pakuti kugoneka chammbali mphaka amene mapapo ake apanikizika ndi madzi kungathe kumupha pathebulo pomwepo. Tinayamba ndi kubaya singano pakati pa nthiti n'kukoka madzi okwana mamililita 130, otuwa mofiirira pang'ono, ndipo kupuma kunatsika kufika ka 40 pa mphindi tisanachotse n'komwe singano yachiwiri. Dontho la madziwo pa maikulosikopu linali lodzaza ndi maselo oyera a magazi a mtundu wa lymphocyte, aakuluakulu, osakhwima, ofanana onse, ambiri a iwo ali mkati mogawikana. Kenako X-ray inaonetsa chotupa chachikulu kutsogolo kwa mtima, chimene chinakankhira njira ya mpweya m'mwamba chakumsana ndi mtima chakumbuyo.

Magazi nawo anali ndi nkhani yawo. Gawo la maselo ofiira, lomwe timaliyeza ndi PCV, linali 15 peresenti, pamene mphaka wathanzi amakhala pakati pa 30 ndi 45. Maselo ofiira ochepawo anali okulirapo kuposa mmene amayenera kukhalira, koma maselo aang'ono ongotuluka kumene m'mafupa, amene amachuluka thupi likamayesetsa kubwezeretsa magazi otayika, anali ochepa zedi. Maselo oyera olimbana ndi majeremusi, otchedwa neutrophil, anali otsika, ndipo timaselo tothandiza magazi kuundana tinali totsikanso pang'ono. Maselo ofiira akakhala aakulu koma mafuta a m'mafupa osapanga atsopano, pa mphaka, FeLV ndiye woyamba kukayikiridwa. Kachipangizo koyezera pompopompo kanaonetsa kuti puloteni ya p27 ya FeLV ilimo m'magazi, ndipo mbali yoyeza FIV, kachilombo kena kofooketsa chitetezo cha amphaka, inalibe kanthu. Magazi amene tinatumiza ku labotale kuti akayezedwe ndi PCR, njira yofufuza majini a kachilombo, anabwera akutsimikiza kuti DNA ya kachilomboka ilimo yochuluka kwambiri m'maselo ake.

Mmene kachilomboka kamagwirira ntchito

FeLV anaitulukira mu 1964 William Jarrett ndi anzake a pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland, atatsatira amphaka angapo a m'nyumba imodzi amene ankadwala lymphoma motsatizana. Kachilomboka kali m'gulu la ma retrovirus, gulu lomwe mulinso HIV ya anthu ndi FIV ya amphaka, ngakhale kuti FeLV ili m'nthambi ina ya gululi, yotchedwa gammaretrovirus, pamene HIV ndi FIV ndi za nthambi ya lentivirus. Majini ake amakhala mu RNA, ndipo ndi atatu okha akuluakulu: gag, amene amapanga chikhokhombe chamkati pamodzi ndi puloteni ya p27 imene timayeza ija, pol, amene amapanga zida zokoperera ndi zolumikizira majini, ndi env, amene amapanga mapuloteni a pachikuto, gp70 ndi p15E. Kachilomboka kakalowa m'selo, puloteni yake ya reverse transcriptase imakopera RNA ija kukhala DNA, ndipo DNA imeneyi imakalumikizidwa m'kati mwa majini a mphaka weniweniyo. Chidutswa cholumikizidwachi chimatchedwa provirus. Kuyambira pamenepo, selolo likagawikana, maselo onse obadwa kwa ilo amatengera provirus, ndipo palibe mankhwala amene tili nawo lero otha kuichotsamo.

Kachilomboka kamalowa bwino m'majini a selo limene likugawikana, n'chifukwa chake kamakonda malo amene maselo amabadwa usana ndi usiku: anabere, thymus, kapamba, mkati mwa matumbo ndi mafuta a m'mafupa. Ulendo wake m'thupi umadziwika bwino. Kamalowera m'kamwa kapena m'mphuno, n'kuyamba kuswana mu timinofu ta chitetezo ta kukhosi ndi m'anabere apafupi. Kuchoka apo maselo oyera ochepa amakanyamula kupita nako ku kapamba, ku thymus ndi ku anabere ena. Chitetezo cha mphaka chikalephera kukaimitsa pa siteji imeneyi, pakatha milungu ingapo kamafika m'mafuta a m'mafupa, ndipo apa ndi pamene zinthu zimatembenukira, chifukwa maselo oyera ndi timaselo toundanitsa magazi timayamba kutuluka m'mafupa titanyamula kale kachilombo. Pomaliza kamakhazikika m'tiziwalo totulutsa malovu, m'chikhodzodzo ndi m'matumbo, ndipo mphakayo amayamba kupatsira anzake.

Malovu ndiwo njira yaikulu. Amphaka ogwirizana amene amanyambitana kumaso ndi m'makutu, kapena kudyera ndi kumwera mbale imodzi kwa miyezi, amapatsirana mosavuta, ndipo kulumana pomenyana kumapatsiranso. Apa FeLV imasiyana ndi FIV, imene kwenikweni imayenda ndi mabala a ndewu pakati pa amphongo. Make amatha kupatsira ana ali m'mimba, kudzera mumkaka, kapena powanyambita, ndipo ndikuona kuti iyi ndiyo njira imene wodwala wathu ndi mlongo wake anatengera. Kunja kwa thupi kachilomboka n'kofooka: pamalo ouma sikakhalitsa, ndipo sopo wamba ndi mankhwala ophera majeremusi amene timatsukira mathebulo amakapha. Sikadwalitsa anthu kapena agalu, koma amphaka akutchire nawonso amakatenga, monga zinaonekera pa Florida panther ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi pa Iberian lynx ku Doñana m'dziko la Spain mu 2007.

Chifukwa chimene kachilombo kamodzi kamabweretsera matenda osiyanasiyana chonchi chili m'kusintha kwake kali kale m'thupi. Mtundu umene amphaka amapatsirana ndi FeLV-A. Koma amphaka onse oweta amabadwa ali ndi zidutswa zakalekale za kachilombo kofanana nako m'majini awo, zimene pazokha sizipanga kachilombo kamoyo. FeLV-A ikasakanikirana ndi zidutswa zimenezi pamatuluka FeLV-B, imene imapezeka kawirikawiri mwa amphaka a zotupa. Jini ya env ikasintha pang'ono pamatuluka FeLV-C, imene si yofala koma ndi yoopsa, chifukwa imagwira puloteni ya pa maselo oyambitsa magazi ofiira imene ntchito yake ndi kutulutsa heme (chinthu chofiiritsa magazi) wotsala, ndipo maselowo amafa asanakhwime, mphaka n'kutha magazi m'milungu yochepa. Palinso FeLV-T, imene imawononga maselo oyera a mtundu wa T ndi kugwetsa chitetezo.

Khansa imayamba makamaka chifukwa cha malo amene provirus yagwera. Ikalumikizidwa pafupi ndi jini yolamulira kugawikana kwa maselo, monga c-myc, mbali za kumapeto kwa provirus zimene ntchito yake ndi kulimbikitsa kukopera zimayatsa jini ija kosalekeza, selo n'kumangogawikana osaima. M'kamwana ka mphaka thymus imakhala yaikulu ndiponso yodzaza ndi maselo ogawikana, choncho mwayi woti ngozi yotereyi ichitikire kumeneko ndi waukulu, ndipo n'chifukwa chake lymphoma ya m'chifuwa timaiona mwa amphaka a chaka chimodzi mpaka zitatu. Komabe tisaganize kuti mphaka aliyense wa FeLV amafa ndi chotupa. Ambiri amatha ndi kuchepa kwa magazi kapena ndi matenda ongopezerapo mwayi chitetezo chikagwa: zilonda za m'kamwa zosapola, chimfine chobwerezabwereza, mabala otukusira, kutsegula m'mimba kosatha, ndi tizilombo ta Mycoplasma haemofelis timene timaswa maselo ofiira. Aakazi amataya bere kapena kubala tiana tofooka timene thymus yake imafota n'kufa m'milungu yoyambirira. Ena amabwera ndi vuto la impso, kufooka kwa miyendo yakumbuyo, kapena mwana wa diso limodzi wokula kuposa mnzake.

Chithandizo chimene tinapereka

Ndinawafotokozera mayiwo mosabisa kuti pali mavuto awiri osiyana. Chotupa chikhoza kufota ndi mankhwala a khansa, ndipo lymphoma ya m'chifuwa imamva mankhwala bwino poyamba ngakhale mphaka ali ndi FeLV. Mafuta a m'mafupa owonongeka ndi kachilombo ndiwo amene analibe mankhwala, ndipo ndiwo amene akanatiikira malire, pakuti mankhwala a khansa nawonso amapondereza mafuta omwewo. Anafunsa kuti, "Adokotala, ndiye kuti tikungomuzunza?" Ndinayankha kuti, "Mayi, cholinga chathu ndi choti apume bwino ndi kudya kwa miyezi ingapo, ndipo tsiku limene tidzaone kuti zimenezo zatha tidzauzana." Anavomera kuti tiyese.

Pofika tsiku lachitatu PCV inali itatsika kufika 11 peresenti, ndipo sitikanayamba mankhwala a khansa tisanamuike magazi. Mayiwo anapereka mphaka wawo wamkazi wamkulu uja kuti atengedwe magazi. Onse awiri anali ndi magazi a gulu A, ndipo kachipangizo koyezera p27 sikanaonetse kanthu pa wamkuluyo. Tinamukana pa zifukwa zina: zaka 9 ndi zambiri kwa mphaka wopereka magazi, ndipo ankalemera makilogalamu 3.4 okha, pomwe wopereka amafunika kupitirira 4. Tinagwiritsa ntchito magazi a mphaka wina woyezedwa kale, titayamba taona kuti akugwirizana ndi a wodwalayo, ndipo PCV inakwera kufika 19. Magazi a wamkulu uja tinawatumizabe ku PCR pamodzi ndi a anzake awiri.

Tinatsata ndondomeko ya COP, imene imaphatikiza vincristine wobaya mumtsempha mlungu uliwonse poyamba, cyclophosphamide pakatha milungu itatu iliyonse, ndi prednisolone wakumwa tsiku ndi tsiku. Prednisolone tinamuyamba titatenga kale maselo oyeza, chifukwa akaperekedwa msanga amasokoneza maonekedwe a maselo a lymphoma, dokotala n'kutsala wosatsimikiza. Patatha milungu iwiri nthiti zakutsogolo zinayambanso kulowa zikafinyidwa, madzi sanabwerere, ndipo X-ray inaonetsa kuti chotupa chatsala kachidutswa. Mphaka anayamba kudya, kubweza kunasiya, ndipo anawonjezera magalamu 300.

Magazi ofiira sanatsatire. PCV inkangozungulira pakati pa 16 ndi 20, ndipo kawiri tinachedwetsa vincristine chifukwa maselo a neutrophil anatsika mopitirira. Za mankhwala olimbana ndi kachilombo kenikeniko tinakambirana, koma sindinawapereke. Zidovudine, amene ambiri amamudziwa kuti AZT, amalepheretsa reverse transcriptase ndipo amagwiritsidwa ntchito pa amphaka ena, koma choipa chake chodziwika ndi kuchepetsa magazi, ndipo kumupereka kwa mphaka wa PCV ya 17 amene akulandiranso cyclophosphamide kukanangofulumizitsa chimene tinkachiopa. Interferon omega wa amphaka alipo ndipo ena amamuyamikira pochepetsa zizindikiro, koma sachotsa kachilombo m'magazi.

Amphaka atatu otsala

Mlongo wake wa wodwalayo anali wonenepa bwino, wa ubweya wosalala, wopanda chodandaulitsa chilichonse, koma p27 inapezeka m'magazi ake. Kuyeza kumodzi pa mphaka wooneka wathanzi sikokwanira kugamula, pa zifukwa ziwiri. Kachipangizo kakhoza kunama, makamaka pamene matendawa si ofala, ndiponso mphaka amene watenga kumene kachilombo akhoza kukhala ndi p27 kwa milungu ingapo kenako chitetezo chake n'kupambana. Tinamuyezanso patatha milungu 6 ndiponso patatha milungu 16, ndipo maulendo onsewo p27 inalipo, PCR nayo ikuonetsa provirus yochuluka. Uku ndiko kutenga kopitirira, kumene m'mabuku a zanyama amati progressive infection: kachilombo kakhazikika m'mafupa, kakuswana mosalekeza, ndipo mphaka akutulutsa kachilombo m'malovu tsiku lililonse ngakhale akuoneka bwino.

Wamkazi wa zaka 9 uja ndiye anali ndi zotsatira zofunika kuzilingalira. P27 sinapezeke maulendo onse amene tinamuyeza, koma PCR inapeza provirus yochepa. Mphakayu anatenga kachilombo, mwachionekere kwa tiana tija timene ankatinyambita ngati take, ndipo chitetezo chake chinakagonjetsa kasanafike podzaza magazi, koma kanali katalemba kale majini ake m'maselo ena. Kumeneku ndi kutenga kobwerera m'mbuyo, regressive infection. Mphaka wotere satulutsa kachilombo m'malovu, sapatsira anzake pokhala nawo, ndipo ambiri amakalamba bwinobwino. Koma provirus ija ili chigonere, ndipo ikhoza kudzuka chitetezo chikagwa kwambiri, monga pa matenda aakulu, pa bere, kapena polandira mankhwala a steroid ochuluka kwa nthawi yaitali. Mphakayu anali ndi vuto loyabwa khungu limene m'mbuyomu ankalandirira jakisoni wa steroid wokhalitsa m'thupi, choncho tinalemba pa khadi lake kuti njira imeneyo isiyidwe, ndipo tinalimbana ndi utitiri umene unkayambitsa kuyabwako.

Palinso nkhani ya magazi. Kwa wodwala wathu, amene anali nako kale kachilombo, magazi a mphakayu sakanabweretsa FeLV yatsopano. Koma akanakhala kuti wolandirayo ndi mphaka wopanda kachilombo, wovulala pa ngozi ya galimoto mwachitsanzo, ndipo ife n'kudalira kachipangizo ka p27 kokha, tikanamuika maselo onyamula provirus, ndipo n'zodziwika kuti magazi a mphaka wa regressive infection amatha kupatsira FeLV mwa njira imeneyi. Maganizo anga ndi akuti chipatala chilichonse chimene chimasunga amphaka opereka magazi chisavomereze mphaka amene sanayezedwe ndi PCR, ngakhale kudikira zotsatira kukhale kotopetsa.

Wamphongo woyendayenda uja, amene mayiwo ankamukayikira kuti ndiye anabweretsa matenda, analibe p27 ndipo analibe provirus. Tinamuyezanso patatha masiku oposa 30 kuchokera pamene tinamupatula, chifukwa p27 imatenga pafupifupi mwezi kuti ionekere mphaka akangotenga kumene, ndipo zotsatira sizinasinthe. Mphaka amene wakhala chaka chathunthu ndi anzake awiri otulutsa kachilombo n'kupezeka wopanda kanthu, kawirikawiri amakhala kuti anakumana nako n'kukathetsa kukhosi komweko kasanafalikire, kumene kumatchedwa abortive infection, ndipo chotsalira chake chimakhala ma antibody okha, mapuloteni a m'magazi olimbana ndi kachilomboko. Palinso mtundu wachinayi wosowa, pamene kachilombo kamabisala m'chiwalo chimodzi monga bere, diso kapena chikhodzodzo, zotsatira n'kumasinthasintha, koma m'nyumba muno sitinaupeze.

Kusiyana konseku kumatsatira kwambiri msinkhu umene mphaka anakumanira ndi kachilombo, kuchuluka kwa kachilombo kamene analandira, ndi mphamvu ya chitetezo chake pa nthawiyo. Tiana tongobadwa kumene tikatenga, pafupifupi tonse timagwera m'kutenga kopitirira. Mphaka akamakula amalimba, ndipo wamkulu wathanzi nthawi zambiri amathera m'magulu awiri enawo, ngakhale kuti kulimbako si kotheratu, makamaka akakhala ndi wodwala m'nyumba imodzi kwa zaka. Awiri amene anatenga ali makanda ndiwo anagonja, ndipo awiri amene anakumana nako ali aakulu anadziteteza, wina pang'ono wina kotheratu.

Ndimakumanabe ndi eni ziweto amene anauzidwa kuti mphaka aliyense wopezeka ndi FeLV aphedwe tsiku lomwelo. Malangizo amenewo anachokera m'zaka za m'ma 1970, pamene William Hardy ndi anzake ku New York anakonza njira yoyezera magazi ya IFA n'kuonetsa kuti kuyeza ndi kuchotsa odwala kumathetsa matendawa m'makola oswetsera amphaka. Kuyeza ndi kupatula kunathandizadi kwambiri, ndipo pamodzi ndi katemera, amene anayamba kupezeka chapakati pa zaka za m'ma 1980, kwachepetsa FeLV m'mayiko ambiri. Koma kupatula sikufuna kupha. Mphaka wa kutenga kopitirira amene sanayambe kudwala akhoza kukhala zaka ziwiri, zitatu, ena kuposerapo, ali ndi moyo wabwino, ndipo kupha mphaka wathanzi chifukwa cha mzere umodzi pa kachipangizo, osayezanso n'komwe, sindikuona chifukwa chake.

Mathero a wodwala ndi dongosolo la otsala

Chakumapeto kwa mwezi wachinayi wa chithandizo mphaka uja anayamba kutuluka dovu ndi kukana chakudya, ndipo m'kamwa munali zilonda zofiira m'mbali mwa mano akumbuyo. Maantibayotiki ndi mankhwala opha ululu anathandiza kwa masiku ochepa. Kenako kupuma kunakweranso, madzi anabwerera m'chifuwa, PCV inatsika kufika 10, ndipo maselo a neutrophil anali ochepa moti sitikanatha kuperekanso mankhwala ena a khansa. Tinagwirizana ndi mayiwo kuti tisapitirize, ndipo tinamubaya jakisoni womugoneka kuti afe mosamva ululu. Anatilola kutsegula mtembo. Chotupa choyera, cholimba, chinali chitadzaza kutsogolo kwa chifuwa ndi kukuta mitsempha ikuluikulu yochokera kumtima, anabere a m'matumbo anali otupa, impso zonse ziwiri zinali ndi timadontho toyera ta lymphoma, ndipo mafuta a m'fupa la ntchafu anali otuwa m'malo mokhala ofiira.

Mlongo wake tsopano amakhala m'chigawo chake cha nyumba, ndi mbale zake ndi bokosi lake lodzithandiziramo, ndipo satuluka panja, pofuna kuteteza amphaka a anthu ena komanso kumuteteza iye ku matenda amene chitetezo chake sichingawapirire. Anachitidwa kale opaleshoni yotseka kubereka, zimene ndi zofunika kwa wamkazi aliyense wa FeLV. Tinalangiza kuti asapatsidwe nyama yaiwisi kapena mkaka wosawiritsa chifukwa cha majeremusi, kuti mankhwala a njoka za m'mimba ndi utitiri asadumphe, ndiponso kuti azibwera miyezi 6 iliyonse kudzamuyeza sikelo, m'kamwa, m'maso, anabere ndi kuchuluka kwa magazi. Katemera wa matenda ena akupitiriza kulandira, koma wa FeLV sangamuthandize chifukwa kachilombo kali kale m'thupi.

Wamphongo uja tinamubaya katemera wa FeLV kawiri motalikitsa milungu itatu, chakumunsi kwa mwendo wakumbuyo wamanzere, malo amene amasankhidwa kuti chotupa cha sarcoma chikadzamera pamene panalowa jakisoni, chomwe sichichitika kawirikawiri, chidzathe kuchotsedwa. Katemerayu sasokoneza kuyeza kwa p27, choncho tipitiriza kumuyeza chaka ndi chaka popeza akutulukabe panja, ndipo tinawauza mayiwo kuti katemera sateteza kotheratu moti n'kuchotsa kufunika kopatula. Wamkazi wa zaka 9 tizimuyeza p27 kamodzi pachaka ndiponso nthawi iliyonse imene wadwala kwambiri. Mphaka watsopano asalowe m'nyumbamo pamene mlongo uja ali moyo, ndipo ngati mayiwo adzatolanso kamwana panja, kayambe kakhala pakokha n'kuyezedwa kawiri motalikitsa mwezi umodzi kasanaonane ndi enawo. Pa ulendo wake waposachedwa mlongoyo ankalemera makilogalamu 3.9, PCV yake inali 33 peresenti, ndipo tinapeza kufiira pang'ono m'nkhama za mano akumbuyo, kumene tayamba kukutsatira pomuona mwezi ndi mwezi.